Kusowa kokha sikukweza mtengo wa galimoto yakale

Magalimoto awiri akhoza kukhala a mtundu umodzi, otuluka chaka chimodzi m'fakitale imodzi, penti yake yofanana, koma pa okushoni ina n'kugulidwa pa mtengo wowirikiza kakhumi kuposa inzake. Pa ntchito yathu yowerengera mitengo ya magalimoto akale, kusiyana kotereku nthawi zambiri timakupeza pa zilembo zitatu kapena zinayi zimene zinalembedwa pa pepala la oda tsiku lomwe mwini woyamba ankagula.

M'zaka za m'ma 1960 ku America, munthu akapita kwa dila ankasankha galimoto wamba, kenako n'kumachonga zowonjezera zimene akufuna. Zina mwa zowonjezerazi zinkagulitsidwa pamodzi ngati phukusi lokhala ndi nambala yake, monga Z06, L88 kapena Z28. Lero eni magalimotowa amafunsa zinthu ziwiri: phukusili linatuluka pa magalimoto angati, nanga linkagulidwa ndalama zingati? Ambiri amayesa kuti awa ndi mafunso osiyana, chikhalirecho yankho lachiwiri ndi limene limafotokoza loyamba.

Mu 1963 kampani ya Chevrolet inayamba kugulitsa phukusi la Z06 pa Corvette, lopangira anthu ofuna kulowa mipikisano. Munali mabuleki amphamvu, masipuling'i ndi mashoko olimba, komanso tanki yaikulu yolowa magaloni oposa 36 kuti woyendetsa asamaimeime pa mpikisano wautali. Mtengo wake poyamba unali $1,818.45, pamwamba pa galimoto ya pafupifupi $4,250. Ndiye kuti wogula ankawonjezera ndalama zoposa magawo anayi pa khumi a mtengo wa galimoto yonse, n'kulandira galimoto yogwedeza msana pamsewu wamba. N'zosadabwitsa kuti mwa ma Corvette 21,513 a chaka chimenecho, 199 okha ndi amene anatuluka ndi Z06.

Injini ya L88 ya pa Corvette ya mu 1967 ndiye inachita kubisidwa dala. Kampani inalemba kuti ili ndi mahosipawa (muyezo wa mphamvu ya injini) 430, kuchepera ndi asanu pa injini ina yotchipa ya 435, pomwe amakaniko onse ankadziwa kuti mphamvu yake yeniyeni inali pamwamba kwambiri. Woitanitsa L88 sankaloledwa kukhala ndi wailesi ngakhale hita, ndipo injiniyo inkafuna petulo wapadera wa okiteni 103. Cholinga chinali chakuti munthu wongofuna kuonetsera m'tauni aiphonye, ifike kwa a mipikisano okha. Pa mtengo wa $947.90, anagulitsa magalimoto 20 basi okhala ndi injiniyi. Imodzi mwa magalimotowo inagulidwa pa $3.85 miliyoni ku okushoni ya Barrett-Jackson mu Januwale 2014.

Nkhani imene ndimakonda kufotokozera anthu ndi ya Chevrolet Camaro ZL1 ya mu 1969, chifukwa imaonetsa bwino mmene galimoto yokanidwa dzana imasandukira chuma. Dila wina wa m'tauni yaing'ono ya La Harpe ku Illinois, Fred Gibb, ankafuna Camaro yokhala ndi injini yaikulu ya aluminiyamu kuti izipikisana pa liwiro. Malamulo a mpikisano ankafuna kuti magalimoto otere apangidwe osachepera 50, ndiye iye anaitanitsa onse 50 kudzera mu njira yapadera ya maoda yotchedwa COPO, imene kwenikweni inali ya makampani ogula magalimoto ambiri nthawi imodzi. Bilu itafika, injini yokha inali $4,160, kuposa mtengo wa Camaro yathunthu. Galimoto iliyonse inapitirira $7,200, ndalama zimene munthu akanagula nazo Corvette n'kutsala ndi chenje chochuluka. Gibb anagulitsako 13 okha. Ambiri otsalawo anabwezedwa n'kugawidwa kwa madila ena, ndipo ena anachita kuchotsedwa injini kuti apeze wogula. Onse pamodzi anapangidwa 69. Lero ZL1 yeniyeni yokhala ndi injini yake yoyambirira imatha kufika pa miliyoni ya madola.

Poona mtengo wakale pamafunika kusamala. Chiwerengero ngati $4,160 pachokha sichikuuzani kanthu, popeza dola ya mu 1969 inkagula zinthu zimene lero zimafuna madola asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Ine ndimayamba n'kuyerekeza mtengo wa phukusi ndi mtengo wa galimoto yopanda chowonjezera chilichonse. Phukusi likakhala gawo laling'ono la mtengowo, anthu ambiri analitenga. Likafika theka kapena kupitirira, analitenga ndi okhawo amene anali ndi cholinga nalo, ndipo magalimoto awo ambiri anathera pa mipikisano, ena kugundidwa, ena kuphulika injini. Choncho otsala lero amachepa kawiri.

Komabe kudula kwa kale si lonjezo la kudula kwa lero. Porsche 911 Carrera RS 2.7 ya mu 1973 inkayambira pa mamaki 34,000 a dziko la West Germany. Wogula ankasankha pakati pa phukusi la Touring, lokhala ndi mipando yabwino ndi zonse za galimoto yapaulendo, pa mamaki 2,500, ndi la Sport lopepukitsidwa, pa mamaki 700 okha. Anthu 1,308 anatenga Touring, 200 anatenga Sport. Lero ya Sport, imene inali yotchipa, ndi imene imadula kwambiri. Anthu amalipira chifukwa cha zimene zinachotsedwamo!

Apa ndi pamene eni magalimoto ambiri amakhumudwa nane. Munthu amabwera ndi pepala losonyeza kuti galimoto yake ndi imodzi yokha padziko lonse. Ukawerenga bwino, umapeza kuti ndi imodzi yokha ya penti yobiriwira, mipando yofiirira, injini yaing'ono, giya ya otomatiki ndi wailesi ya mtundu wakutiwakuti. Mukagawagawa chiwerengero motere, pafupifupi galimoto iliyonse ya nthawi imeneyo imasanduka "imodzi yokha". Pali kusowa kobwera chifukwa anthu ankachisirira chinthu koma thumba linakana, palinso kusowa kobwera chifukwa panalibe wochifuna. Kusowa kwachiwiriku, ngati anthu sakuchifunabe mpaka pano, sikuwonjezera ngakhale dola imodzi. Mbali inayo, Camaro Z28 inapangidwa 602 mu 1967 ndi 20,302 mu 1969, koma ya 1969 imasakidwabe ndi anthu ochuluka ngakhale siyosowa kwenikweni. Mtengo umakwera pamene ofuna achuluka kuposa magalimoto otsala, ndipo ofunawo amatsata phukusi lomwe linasintha mayendedwe a galimoto kapena lili ndi mbiri ya mpikisano, osati la mizere ya penti chabe.

Chovuta chenicheni ndi umboni. Zizindikiro za pabodi, mizere, mawilo ngakhale boneti zimagulidwa zatsopano, ndipo makaniko waluso akhoza kusandutsa Camaro wamba kuoneka ngati Z28 m'miyezi yochepa. Nambala ya chasesi ya Camaro ya 1969 imangonena ngati injini inali ya masilinda asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, siitchula phukusi. Apa makampani amasiyana. Eni magalimoto a Ford kuyambira a 1967 amatha kuitanitsa Marti Report, yochokera m'kaundula wa fakitale. A Pontiac ali ndi kampani yosunga mbiri ya magalimoto awo yotchedwa PHS, yomwe imapereka kope la invoyisi yoyambirira. Pa Plymouth ndi Dodge, nambala ya chasesi imatchula injini, ndipo kachitsulo kokhomedwa m'kati mwa boneti kamandandalika zowonjezera. A Chevrolet ndi amene ali pa mavuto, chifukwa kaundula wotere wa magalimoto awo ambiri a m'zaka zimenezo kulibe. N'chifukwa chake pa Corvette ya 1967 kapena yotsatira timatsitsa tanki kukafuna pepala la oda limene antchito a m'fakitale ankamata pamwamba pake. Kapepala kothimbirira ndi mafuta kameneko kamatha kukweza mtengo kuposa penti yonse yatsopano.

Ngakhale mapepala atakwana, timayang'anabe ngati zida za phukusilo zilipo. Nambala zodindidwa pa injini ndi pa giyabokosi ziyenera kugwirizana ndi za chasesi, ndipo masiku amene zidazo zinaumbidwa ayenera kukhala a nthawi imene galimoto inali itatsala pang'ono kumangidwa, osati itamangidwa kale. Alipo amene amapala malo a nambala n'kudinda zatsopano, choncho timaunika ndi galasi lokulitsa timizere timene makina a fakitale ankasiya pa chitsulocho. Galimoto ya phukusi lenileni koma injini yake inasinthidwa imakhalabe ndi mtengo, kungoti wotsika ndithu, ndipo mu lipoti timalemba momveka kuti injiniyo ndi ya mtundu woyenera koma si imene inatuluka nayo m'fakitale.