Zida zankhondo zaulere: bilu imabwera pambuyo

Dziko lolemera likapatsa bwenzi lake magalimoto ankhondo kapena sitima zimene silikuzifunanso, pa wailesi timamva kuti ndi mphatso. Ife a ntchito yosunga ndi kuwerengera katundu wa asilikali sitifulumira kuwomba m'manja. Timayamba tafunsa kuti zidazo zinapangidwa chaka chanji, ndipo masipeya ake tidzawapeza kuti.

Chida chongokhala m'nkhokwe chimadya ndalama. Thanki yankhondo yoimikidwa imafuna denga, girizi, mlonda, ndi makaniko woti aziliza injini nthawi ndi nthawi, apo ayi mabatire amafa, mipira yotsekera mafuta imauma n'kuyamba kudontha. Kuiphwanya nakonso n'kodula. Ndiye wopereka uja akamati "tengani", nayenso akutula mtolo.

Ku America kuli ndondomeko yotchedwa Excess Defense Articles, yochokera m'lamulo lawo la 1961 la thandizo la kumayiko akunja. Katundu amaperekedwa mwaulere, kapena amagulitsidwa pa 5 mpaka 50 peresenti ya mtengo umene anagulira. Koma umamutenga mmene alili, pamalo pomwe ali. Kukonza, kulongedza ndi kunyamula, kawirikawiri zimenezo n'zako. Mu 2011 Nigeria inalandira sitima yotchedwa Chase, n'kuipatsa dzina loti NNS Thunder. Sitimayo inayamba ntchito mu 1968, ndiye kuti inafika ku Nigeria ili ndi zaka 43. Aliyense amene anaitanitsapo galimoto yakale ku Japan, n'kuzungulira Down Shops yonse ku Chipata kufuna kachitsulo kamodzi osakapeza, akudziwa chimene ndikunena. Kusiyana kwake n'koti sipeya ya chida chankhondo nthawi zambiri amagulitsa ndi yemwe anakupatsayo, ndipo mukadzasemphana pa ndale akhoza kungotseka.

Nkhondo ya ku Ukraine yaonetsa bwino mmene zimayendera. Mu 2022 Poland inapereka mathanki a T-72 oposa 200, chifukwa asilikali a Ukraine ankawadziwa kale. Czech Republic ndi Slovakia zinapereka zida zawo zakale za m'nthawi ya Soviet Union, ndipo Germany inazibwezera ndi mathanki a Leopard 2. Komabe mizinga ya Soviet imadya mabomba a mamilimita 152, pamene ya NATO, mgwirizano wa asilikali wa America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, imadya a 155. Mamilimita atatu okhawo amachititsa kuti gulu limodzi la asilikali lokhala ndi mizinga ya mitundu yonse iwiri lizisunga nkhokwe ziwiri. Palinso chikalata chimene wolandira amasaina, cholonjeza kuti sadzapatsa wina chidacho popanda chilolezo. Switzerland inakaniza Germany kutumiza ku Ukraine zipolopolo zopangidwa kwawo, ndipo Germany inamvera.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi zipolopolo ndi mabomba akale. Onga wa m'kati mwake uli ndi mankhwala ouletsa kuyaka wokha, ndipo mankhwalawo amatha mphamvu pakapita zaka, makamaka kotentha. Ganizirani bokosi la mabomba m'nyumba ya malata, mwezi wa Okutobala, kuchigwa cha Luangwa. Mu 2007 nkhokwe ya Malhazine ku Maputo inaphulika n'kupha anthu pafupifupi 100. Ku Dar es Salaam zinachitika kawiri, ku Mbagala mu 2009 ndi ku Gongo la Mboto mu 2011. Ku Brazzaville mu 2012 anafa anthu oposa 200. Konseku nyumba za anthu wamba zinali pafupi ndi nkhokwe. Ine ndikanati: malole, matenti, mabuliji achitsulo ndi zipangizo za chipatala landirani ndi manja awiri, koma bomba limene mbiri yake ya kasungidwe sikudziwika, likhale kwa eni ake.

Zida zimasocheranso. Boma la Gaddafi litagwa mu 2011, mfuti za m'nkhokwe za Libya zinakatulukira kumpoto kwa Mali chaka chotsatira. Ife kuno ku Zambia sitifunika kuuzidwa. Akuluakulu a ku Chadiza, Katete ndi Petauke amakumbukira zigawenga za Renamo zikuwoloka malire kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, apolisi a kumeneko ndi a ku South Africa anatha zaka akufukula mfuti zokwiriridwa m'tchire, pa ntchito ya Operation Rachel imene inayamba mu 1995.

Zambia ili m'pangano la mayiko loyang'anira malonda a zida, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, ndipo kuyambira 2015 asilikali athu akhala akusungitsa mtendere ku Central African Republic. Kumeneko n'kumene mphatso yakale imaonekera poyera. Bungwe la UN limalipira dziko chifukwa cha zida zimene labwera nazo, koma limatumiza oyendera kukaziona pamaso. Galimoto ikapezeka itakhala pa miyala, ikudikira sipeya kuchokera kutsidya la nyanja, ndalama yake imadulidwa.