Chidindo pa malangizo a chithandizo si umboni

Anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito m'chipatala, amakhulupirira kuti chilichonse cholembedwa m'malangizo a chithandizo ndi chotsimikizika, bola pakhale chidindo cha bungwe lalikulu. Sizili choncho ayi, makamaka pa mliri, pamene malangizo amalembedwa mothamanga.

Taonani za hydroxychloroquine, mankhwala a malungo. Mu Malichi 2020 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalola kuti odwala Covid-19 ogonekedwa m'chipatala azipatsidwa mankhwalawa, umboni wake uli wochepa zedi. Pofika Juni, kafukufuku wa RECOVERY ku Britain, yemwe anagawa odwala masauzande m'magulu mwamaere, anaonetsa kuti mankhwalawa sachepetsa imfa. Mwezi womwewo chilolezo chija chinachotsedwa. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti dexamethasone, mankhwala otchipa akalekale, amachepetsa imfa za odwala opumira makina ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ndiye powerenga langizo, fufuzani umboni womwe latsamira. Njira ya GRADE, yomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limatsata, imasanja umboni m'magawo 4, kuyambira wamphamvu mpaka wofooka kwambiri. Onaninso tsiku lomwe linalembedwa, komanso ngati olembawo anaulula ubale wawo ndi makampani a mankhwala. Zimandidetsa nkhawa kuti ambiri amalumpha tsamba lokhala ndi zimenezi.