Khansa ya m'bere yobwera popanda chotupa

Amayi ambiri anaphunzitsidwa kuti khansa ya m'bere imayamba ndi kachotupa kogwirika. Nthawi zambiri zimaterodi, koma pali mtundu wina umene subwera choncho. Madokotala amautchula kuti inflammatory breast cancer. Ndi wosowa, chifukwa ku America umapezeka mwa munthu 1 mpaka 5 pa anthu 100 aliwonse odwala khansa ya m'bere. Koma ukagwira munthu suchedwa kufalikira.

Maselo a khansayi amatseka timitsempha tam'khungu timene timachotsa madzi m'bere. Madziwo akasowa kolowera, bere limatupa, limalemera, limatentha ndipo nthawi zina limayabwa kapena kupweteka. Khungu limakhuthala n'kukhala ndi timaenje ngati khungu la lalanje. Kwa munthu woyera khungu, berelo limafiira. Kwa wakuda, limangoderapo kapena kuoneka ngati lavulala, ndiye n'kosavuta kulinyalanyaza. Nsonga ya bere imatha kulowa m'kati, ndipo m'khwapa kapena m'munsi mwa khosi mumatha kutuluka mwanabere. Zonsezi zimachitika m'masabata kapena miyezi yochepa chabe, kawirikawiri pa bere limodzi.

Apa m'pamene nthawi imatayika. Zizindikirozi zimafanana ndi kutupa kwa bere kumene kumavutitsa amayi oyamwitsa, choncho munthu amapatsidwa maantibayotiki n'kubwerera kunyumba. Kuyamba ndi mankhwalawo sikulakwa. Koma mayi, mukamwa kwa masiku 7 mpaka 10 osaona kusintha, musadikire ulendo wina wa mankhwala omwewo. Bwererani kuchipatala, nenani tsiku limene munayamba kuona kusinthako, ndipo pemphani kuti akujambuleni ndi kudula kachidutswa ka khungu ndi mnofu wa bere kuti akakapime. Chithunzi chokha chimatha kuiphonya khansayi.

Matendawa amagwiranso amayi achitsikana, oyembekezera ndi oyamwitsa omwe. Kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo.

Tisabisane: khansayi ndi yoopsa. Ikamapezeka imakhala itafika kale siteji 3 kapena 4 (siteji 4 ndiyo yomaliza), ndipo pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu imakhala itafalikira ku ziwalo zina monga mafupa, mapapo kapena chiwindi. Ku America, pafupifupi odwala 40 pa 100 amakhala ndi moyo zaka zisanu chiwapezereni matendawa, pamene pa khansa ya m'bere yamitundu yonse ndi pafupifupi 90 pa 100. Amene yapezeka isanafike kutali amakhala ndi mwayi waukulu kuposa apo.

Chithandizo chake chimayamba ndi kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, kuti matenda aphwe, kenako opaleshoni yochotsa bere lonse pamodzi ndi anabere a m'khwapa, pomaliza kuwotcha malowo ndi makina. Ngati maselo ali ndi chizindikiro cha HER2, puloteni yomwe imachititsa khansa kukula msanga, amawonjezera mankhwala monga trastuzumab. Bere likaphwa pakati pa kemo, musasiyire pomwepo. Magawo atatu onsewa amafunika kumalizidwa.