Bwanji a Livingstonia ndi a Blantyre anabwera padera?

Ndikamaphunzitsa mbiri ya mpingo funso ili silisowa: a Livingstonia ndi a Blantyre onse ndi ochokera ku Scotland, onse a Presbyterian, nanga anabwereranji ngati mamishoni awiri? Nkhani yake inayambira kwawo komweko, ndipo sikuti anasiyana chiphunzitso ayi, katekisimu anali yemweyo. Ankalimbirana kuti m'busa azisankha ndani.

Lamulo la 1712 linkati mwini malo, bwana wa esiteti uja, ndiye azisankha m'busa wa tchalitchi cha m'dera lake, akhristu afune asafune. Mu 1834 msonkhano waukulu wa mpingo wa Church of Scotland unagwirizana kuti abambo ambiri pampingopo akakana, munthuyo asadzozedwe. Ku tchalitchi cha ku Auchterarder anachitadi zomwezo, anamukana Robert Young yemwe mwini malo anamusankha, iye osagonja, anakasuma, mlandu mpaka ku House of Lords, khoti lalikulu la ku Britain nthawi imeneyo, ndipo mu 1839 anagamula kuti mpingo ulibe mphamvu yomukana. Apa ndiye zinafika povuta.

Pa 18 May 1843 msonkhano utangoyamba mu tchalitchi cha St Andrew's ku Edinburgh, modereta David Welsh anawerenga kalata ya madandaulo, kuisiya patebulo, nkutuluka, anzake pambuyo ali mdipiti mumsewu mpaka ku Tanfield Hall komwe anasankha Thomas Chalmers kukhala mtsogoleri wa mpingo watsopano, Free Church of Scotland. Abusa oposa 450 mwa abusa pafupifupi 1,200 anatuluka.

Tsono kutuluka kumeneku sikunali kocheza. Malipiro basi athera pomwepo, nyumba ya abusa utulukemo ndi amayi busa ndi ana omwe, tchalitchi chomwe wakhala ukulalikiramo zaka zonsezi uchisiye. Eni malo ena anawakaniza ngakhale kamalo komangapo, anthu nkumapemphera panja kuzizira konse kuja, ndipo a ku Strontian anachita kugula tchalitchi choyandama nkuchiika panyanja ya Loch Sunart, kumapita kumapemphero pa bwato. Ine pamenepa ndimawavulira chipewa. Chalmers anakonza thumba limodzi loti mkhristu aliyense aziponyamo kangachepe sabata ndi sabata, abusa onse nkumagawana, wakumudzi ndi wamtauni yemwe.

Ndiye David Livingstone atamwalira mu 1873, mpingo uliwonse unatumiza anthu akeake. A Free Church anafika ku Cape Maclear mu 1875, Robert Laws ali m'gulumo, kenako nkusamukira ku Bandawe, pomaliza ku Khondowe. Otsala mumpingo wakale aja ndi amene anatsegula Blantyre mu 1876. Chonsecho lamulo lomwe ankakanganirana lija linali litathetsedwa kale mu 1874, koma mukudziwa, anthu akagawana mbale ndi miphika kubwererana kumavuta.

Kuno anagwirizana msanga, CCAP inabadwa mu 1924, a Nkhoma nkulowamo mu 1926. Ku Scotland anadikira mpaka 1929, komanso si onse, kagulu kena ka mu Free Church komwe amakatcha Wee Frees kanakana zophatikizana ndi mpingo wina kalekale mu 1900 ndipo kakupempherabe pakokha.