Musanafomate kompyutayo, tazimitsani kaye XMP

Ndatopa nawo mawu akuti "ili ndi vairasi, ingofomatani." Kompyuta imene ikuzima yokha pakati pa gemu, lero n'kutulutsa sikirini yabuluu yolemba MEMORY_MANAGEMENT, mawa IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, mkuja PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA, kawirikawiri vuto lake si vairasi. Uthenga ukamasinthasintha chonchi, funso langa loyamba limakhala limodzi: ndani analowa mu BIOS, pamene pamasinthidwira makonzedwe a board kompyuta ikamayaka, n'kuyatsa XMP, makonzedwe othamangitsa RAM?

Ambiri sadziwa kuti XMP imeneyi ndi overclocking ndithu, kuthamangitsa chipangizo kupitirira liwiro lake la muyezo. Pa paketi ya RAM, memore imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka, pakalembedwa 3600, si liwiro limene RAM imayambira. RAM ya mtundu wa DDR4 ukangoibaya imayenda pa liwiro la JEDEC, bungwe loika miyezo ya RAM, nthawi zambiri 2133 kapena 2400, pa mphamvu ya 1.2V. Kuti ifike pa 3600 mpaka muyatse XMP, imene ma board a ASUS a AMD amaitcha DOCP ndipo pa Ryzen 7000 inabwera ndi mnzake EXPO, ndiye mphamvu imakwera kufika 1.35V. Opanga RAM anayesadi ma stiki awo, koma purosesa yanuyo sanaiyese. Chowongolera RAM chili mkati mwa purosesa, ndipo pa Ryzen 5 2600 AMD inalonjeza 2933 basi. Kupitirira pamenepo ndi mwayi chabe.

Pali mnyamata wina wojambula maukwati amene nkhani yake imandiwawabe. Anali ndi ma stiki awiri a 8GB, kenako anagula ena awiri kwa wogulitsa wina, dzina lomwelo, nambala zomwezo pa chomata. Iye ankati ndi mapasa. Komatu ma chip a mkati amatha kukhala a mafakitale osiyana, ndiponso ma stiki anayi amalemetsa chowongolera kuposa awiri. Kompyuta inkazima mwina kamodzi pa sabata, iye n'kumati ndi magetsi athu ozimazimawa. Anapita kwa "katswiri" wina amene anaifomata katatu, kumugulitsa SSD yatsopano, pomaliza kumuikira antivirus yolipira. Miyezi inayi inatha choncho.

Atabwera kwa ine ndinaika MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa fulashi. Pasanathe mphindi 20 zolakwika zofiira zinali mbwee. Ndinazimitsa XMP, n'kuisiya ikuyesedwa usiku wonse, m'mawa osapezeka cholakwika ngakhale chimodzi. Ndiye anandifunsa motsitsa mawu: "Achimwene, nanga mavidiyo aja akukana kutseguka?" Ndinasowa pogwira. Fayilo iliyonse imene ankakopera kuchoka pa khadi ya kamera inkadutsa mu RAM yolakwitsayo, ndipo makhadiwo anali atawafufuta kalekale. Ukwati wa anthu, pamene mkwati ndi mkwatibwi akuvekana mphete, chithunzi chimangosweka timabokosi tobiriwira. Kuzima kwa kompyuta ndiye kwabwino, chifukwa mumadziwa kuti chinachake chalakwika. Choopsa ndi masiku amene sikuzima koma ikulemba zolakwika mwakachetechete.

Chochita n'chapafupi. Lowani mu BIOS, zimitsani XMP, gwiritsani ntchito kompyutayo masiku angapo. Ikasiya kuzima, mwampeza wolakwa. Ikapitiriza, yesani stiki imodzi imodzi, mwina ina inafa. Ngati liwirolo mukulifunabe, tsikani pang'ono, 3600 ikhale 3200, muyesenso. Cholakwika chimodzi chokha pa mayeso ndiye kuti yalephera, palibe zoti "bola chimodzi." Ndipo musakhulupirire kwambiri Windows Memory Diagnostic, choyesera RAM cha mu Windows, chifukwa imadutsitsa RAM yodwala. Ine ndikamaliza MemTest86 ndimathamangitsanso TestMem5 kapena OCCT mkati mwa Windows, bokosi litatsekedwa, chifukwa RAM ina imayamba misala yake ikatenthedwa ndi khadi ya ma graphics, makamaka mu Okutobala. Ma stiki akakhala awiri, pa ma board ambiri malo ake ndi A2 ndi B2, kachiwiri ndi kachinayi kuchokera pa purosesa. Ikakana kuyaka n'komwe mutasintha manambala, musathamangire kugula board ina: izuleni ku magetsi, chotsani kabatire ka CR2032 kwa mphindi zingapo, BIOS ibwerera mwakale.

Za mphamvu ya magetsi ndiye chonde, musamakopere manambala a munthu wa pa YouTube amene board yake ndi purosesa yake simukuzidziwa. Mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000X3D anapserera pa soketi chifukwa mphamvu ya SoC, gawo la purosesa lokhala ndi chowongolera RAM, inkakwera mopyola muyezo, mpaka AMD inachita kuika malire a 1.3V kudzera mu BIOS yatsopano. Amene akukuuzani kuti "tingowonjezera volteji" asanayese n'komwe RAM, nyamulani kompyuta yanu muzipita.

Ndipo ngati yanu yakhala ikuzimazima XMP ili yoyatsa, mafayilo onse amene mwakopera m'miyezi imeneyi atseguleni limodzi limodzi musanafufute khadi ya kamera.