DACA: Mafunso ndi mayankho pa ana amene anakulira ku America opanda mapepala

DACA ndi chiyani?

Ndi ndondomeko imene Barack Obama analengeza pa 15 June 2012. Imateteza anthu amene anafika ku America ali ana kuti asathamangitsidwe m'dzikomo, ndipo imawapatsa chilolezo chogwirira ntchito. Chitetezocho ndi cha zaka 2 zokha. Zikatha, munthu amapemphanso ku USCIS, nthambi ya boma yoona za unzika ndi anthu olowa m'dzikomo, kulipira ndalama n'kufufuzidwanso.

Oyenera ndi ndani?

Amene anafika asanakwanitse zaka 16, akhala m'dzikomo mosadukiza kuyambira pa 15 June 2007, anali osakwana zaka 31 pa tsiku lolengezalo, ali pasukulu kapena anamaliza sekondale, ndipo alibe mlandu waukulu. Ambiri ndi ochokera ku Mexico, koma dziko lochokera silisankhidwa.

Chopweteka ndi tsiku la 2007 lija, chifukwa silinasunthepo. Mwana amene mayi ake anafika naye mu 2008 ali wazaka 2 lero ndi wamkulu. Sukulu yonse waphunzira komweko, kwawo kwa makolo ake amangokuona pa zithunzi, koma khomo la DACA n'lotseka kwa iye.

Imapereka unzika?

Ayi, ngakhale green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, sipereka.

Bwanji osangowapatsa?

Mphamvu imeneyo ili ndi Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo. Bilu ya DREAM Act inabweretsedwa mu 2001 ndi maseneta Dick Durbin ndi Orrin Hatch. Mu December 2010 inadutsa m'nyumba ya House, koma ku Senate inapeza mavoti 55 pomwe pankafunika 60. Pa dzina la biluyi m'pamene anthuwa anapezera dzina loti Dreamers.

Otsutsa amati chiyani?

Amati pulezidenti alibe mphamvu zopanga yekha zimene aphungu anakana, komanso kuti kukhululukira ena kumakopa makolo ena kuwolotsa ana. Mfundo yoyambayi ili ndi mutu, ndipo ndi imene yapambana m'makhoti ena. Koma ine ndimakana kuti munthu alangidwe pa ulendo umene anauyenda atanyamulidwa, sakudziwa n'komwe kumene akupita.

Makhoti anena zotani?

Boma la Donald Trump linafuna kuithetsa mu September 2017. Mu June 2020 khoti lalikulu la Supreme Court linakana, oweruza 5 kwa 4, ponena kuti boma silinatsate njira yoyenera. Mu July 2021 woweruza Andrew Hanen wa ku Texas anagamula kuti DACA n'njosemphana ndi malamulo. Anthu oposa 500,000 amene anali kale m'ndondomekoyi analoledwa kupitiriza kukonzanso mapepala awo, koma mafomu a ofunsira koyamba anaimitsidwa.