Kudziwa kuchuluka kwa nkhono osazitola zonse: mafunso ndi mayankho

Kodi lamulo lake limati chiyani?

Mumatola kawiri. Tinene kuti ulendo woyamba mwatola nkhono 40, mwazidontheza penti pachigoba, n'kuzibwezera pamene munazipeza. Patapita tsiku limodzi kapena awiri mwatolanso 50, ndipo 10 mwa izo zili ndi kadontho kaja. Chulukitsani 40 ndi 50, mugawe ndi 10: pamalopo pali nkhono pafupifupi 200. Nzeru yake n'njapafupi. Ngati pa nkhono zisanu zilizonse imodzi ili ndi kadontho, ndiye kuti 40 zija ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a zonse. Njirayi imatchedwa Lincoln index, potengera Frederick Lincoln amene mu 1930 anaigwiritsa ntchito poyerekezera kuchuluka kwa abakha am'tchire ku North America.

Bwanji osatolanso tsiku lomwelo?

Zopakidwazo zimafunika nthawi yoti zisakanikirane ndi zinzake. Mukapupuluma mudzatola zomwe zija, yankho n'kuchepa. Mukachedwetsanso, zina zafa, zina zaswa, zina zasamuka.

Penti iliyonse ingagwire ntchito?

Ayi ndithu, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. Ikhale yosakokoloka ndi mvula, yopanda poizoni, komanso yosawala. Kadontho kofiira kowala kamaitana mbalame. Zikadyedwa zopakidwazo, n'kupeza 5 m'malo mwa 10, masamu omwe aja akupatsani 400, chikhalirecho nkhono sizinachuluke n'komwe.

Nanga zomera, poti siziyenda?

Pamenepo mumagwiritsa ntchito quadrat, chimango cha mita imodzi mbali zonse zinayi. Malo oikapo asankhidwe mwamaere, chifukwa diso la munthu limathamangira pamene pali zambiri. Werengani m'zimango khumi kapena kuposerapo, pezani avereji, muchulukitse ndi kukula kwa malo onse m'masikweya mita.

Galafu ndijambule yotani?

Ngati mukutsatira chiwerengero sabata ndi sabata, nthawi ikhale pamzere wogona, chiwerengero pamzere woimirira, madontho muwalumikize. Mzere wolumikiza madonthowo ukakwera msanga kenaka n'kugona ngati chilembo S, ndiye kuti chakudya kapena malo zayamba kuperewera. Poyerekeza mitundu yosiyana, monga nkhono ndi ziwala, jambulani mizati yotalikirana, mtundu uliwonse wakewake. Mizere iwiri ija, wogona ndi woimirira, muilembe mayina ndi miyeso yake musanaike dontho loyamba.